Foni ikamafufuza mwini wake: mkangano umene Apple inauyamba koma sinaumalize

Pa 5 Ogasiti 2021 kampani ya Apple inalengeza kuti ma iPhone a ku America ayamba kuunika zithunzi za eni ake zisanatumizidwe ku iCloud, n'cholinga chogwira anthu osunga zithunzi za ana akuchitidwa nkhanza zogonana. Pasanathe mwezi, pa 3 Seputembala, kampaniyo inati yayamba yaimitsa kaye. Pa 7 Disembala 2022 inanena poyera kuti yasiyiratu. Palibe foni ya kasitomala ndi imodzi yomwe imene inagwirapo ntchitoyi. Komabe mkangano umene unabuka sunathe. Unangosamuka kuchoka ku Cupertino, kulikulu la Apple, n'kupita ku Brussels ndi ku London, kumene tsopano ndi maboma amene akufuna chinthu chomwe Apple inathawa.

Tiyambe ndi mbali yowawa, chifukwa anthu okana kufufuzaku nthawi zina amailambalala. Zithunzi ndi mavidiyo a ana akugwiriridwa zilipo zochuluka pa intaneti, ndipo chithunzi chimodzi chimatha kuzungulira kwa zaka zambiri, mwanayo atakula kale, akudziwa kuti kwinakwake wina akuchionerabe. Ku America lamulo limakakamiza kampani iliyonse imene yapeza zoterezi kukanena ku NCMEC, bungwe loona za ana osowa ndi ozunzidwa. Mu 2023 bungweli linalandira malipoti oposa 36 miliyoni, ndipo ochuluka anachokera ku Meta, mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp. Chaka chomwecho Apple inatumiza 267 okha. Sikuti anthu a iPhone ndi oyera mtima kuposa ena. Amene safufuza sapeza kanthu, basi. Lamulo la kumeneko limati ukaona unene, koma silikakamiza kampani kufufuza, ndipo pali chifukwa chake: boma likangokakamiza, ntchitoyo imasanduka chipikisheni cha boma chopanda chikalata cha khoti, ndiye umboni wopezeka mwanjira imeneyo ukhoza kukanidwa pa mlandu.

Makampani amene amafufuza mwakufuna kwawo akhala akugwiritsa ntchito njira yodziwika. Mu 2009 Microsoft, pamodzi ndi katswiri Hany Farid, inapanga PhotoDNA. Pulogalamuyi imachotsa mitundu pa chithunzi, kuchichepetsa, kuchigawa m'timabokosi, kenako n'kutulutsa nambala yaitali yotchedwa hash. Chithunzi chomwecho wina akachichepetsa kapena kuchisintha pang'ono, nambala yake imakhalabe pafupi ndi yoyamba ija. Kampani imakhala ndi mndandanda wa manambala a zithunzi zoletsedwa zomwe zinadziwika kale, ndipo chilichonse chimene munthu waika pa Facebook kapena watumiza pa Gmail chimayerekezedwa ndi mndandandawo. Zonsezi zimachitikira pa makompyuta a kampaniyo, pa zinthu zimene munthu wapereka yekha m'manja mwa kampani.

Apple inasuntha malo ofufuzira, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani. Pulogalamu yake, NeuralHash, inayenera kukhala m'foni mwenimwenimo. Mndandanda wa manambala oletsedwa ukanabwera pamodzi ndi iOS, uli wobisidwa kotero kuti mwini foni sakanatha kuuwerenga. Chithunzi chilichonse chopita ku iCloud chikanayerekezedwa ndi mndandandawo, ndipo zotsatira zake zikanatsekeredwa m'kachikalata kokhoma kopita limodzi ndi chithunzicho. Foniyo payokha sikanadziwa ngati chithunzi chagwirizana ndi mndandanda kapena ayi. Nayo Apple sikanatha kutsegula kachikalata kamodzi, kapena khumi. Pokhapokha zithunzi zogwirizana zitafika pafupifupi 30 m'akaunti imodzi m'pamene masamu ake akanalola kuti kiyi ipezeke. Zikatero wogwira ntchito ku Apple akanaona tizithunzi tosaoneka bwino kwenikweni, ndipo atatsimikiza, akauntiyo ikanatsekedwa, lipoti n'kupita ku NCMEC. Kampaniyo inati mwayi woti akaunti ya munthu wosalakwa igwidwe pa chaka ndi umodzi pa thiriliyoni.

Kunena chilungamo, luso lake linali lapamwamba. Apple inkanena kuti njira yake ikuteteza chinsinsi kuposa ya anzake, popeza iyo sikanaona chithunzi chilichonse cha munthu wosalakwa, pamene ena amaunika zonse pa makompyuta awo. Mfundo imeneyi si yabodza. Koma anthu anaona zina. Pa rodibuloko wapolisi amatsegula chikwama chako chifukwa watuluka nacho pamsewu wa aliyense. Zimene Apple inakonza zikufanana ndi kumulowetsa wapolisiyo kuchipinda, kumupatsa mpando pafupi ndi sutikesi, n'kukulonjeza kuti azingoyang'ana katundu yekhayo amene ukulongedza pa ulendo. Lero zili choncho, koma chomuletsa kutsegula kabati n'chiyani? Foni ikakhala kale ndi pulogalamu yofufuzira, kuiuza kuti iunikenso zithunzi zosapita ku iCloud ndi nkhani ya chiganizo cha kampani, osati ya luso.

Patangotha milungu iwiri, munthu wina anapeza NeuralHash itabisala kale mu iOS yakale, naitulutsa n'kuiika pa GitHub. Posakhalitsa wina anaonetsa zithunzi ziwiri zokhala ndi nambala imodzimodzi: china cha galu, china chamadontho otuwa okhaokha chosaoneka kanthu. Apple inayankha kuti imeneyo sinali pulogalamu yomaliza, komanso kuti pa makompyuta ake pali kuunika kwachiwiri kogwira zachinyengo zotere. Mwina zinalidi choncho. Koma anthu anaphunzirapo zinthu ziwiri. Munthu woipa akhoza kukonza chithunzi chooneka chabwinobwino kuti chikhale ndi nambala yoletsedwa, n'kuchitumiza kwa amene akufuna kumuipitsira mbiri. Ndipo chigawenga chodziwa chikhoza kusintha chithunzi choletsedwa pang'ono kwambiri kuti nambala yake isagwirizanenso ndi mndandanda. Komanso kuzemba kunalibe ntchito: kungozimitsa iCloud Photos, kufufuza konse kwatha.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti nkhani ya masamu inali yaing'ono. Masamu amakonzeka. Chosakonzeka ndi funso lakuti mndandandawo akulemba ndani. NeuralHash sidziwa kuti nkhanza kwa mwana n'chiyani. Imangodziwa kuti nambala iyi ikufanana ndi iyo. Mukaikamo nambala ya chithunzi cha munthu uja anaima kutsogolo kwa akasinja ku Beijing mu 1989, ipeza aliyense amene ali nacho. Mukaikamo katuni yoseka mtsogoleri, ipezanso. Mukaikamo chithunzi cha chikalata cha boma chimene chatuluka mobisa n'kukafika kwa atolankhani, ikusonyezani mafoni amene ali nacho, ndipo pakati pawo pali ya amene anaulula katangaleyo. Popeza mndandandawo ndi manambala obisidwa, ndipo zithunzi zenizenizo n'zoletsedwa kuzisunga kapena kuziona, palibe mtolankhani kapena loya wamba amene angauunike kuti aone ngati mwalowa zina.

Akatswiri awiri a ku yunivesite ya Princeton, Jonathan Mayer ndi Anunay Kulshrestha, anali atapanga kale njira yofanana ndi imeneyi pa kafukufuku wawo. Analemba mu Washington Post mwezi womwewo kuti njira yawo inagwira ntchito, koma anaona kuti ndi yoopsa chifukwa boma lililonse likhoza kuitembenuzira kwa otsutsa. Mabungwe oposa 90 a m'mayiko osiyanasiyana analembera mkulu wa Apple, Tim Cook, kumupempha kuti asiye. Mu Okutobala 2021 akatswiri 14, kuphatikizapo Ross Anderson, Whitfield Diffie, Ron Rivest ndi Susan Landau, anatulutsa pepala lotchedwa Bugs in Our Pockets, lonena kuti kufufuza kwa m'foni sikungatsimikize kugwira zigawenga, koma kumatsegula khomo la ukazitape pa anthu onse nthawi imodzi.

Yankho la Apple linali lakuti boma lililonse likadzapempha kuwonjezera zina pa mndandanda, iyo idzakana. Inawonjezeranso kuti nambala izilowa pokhapokha ikapezeka m'mindandanda ya mabungwe awiri a m'mayiko osiyana. Kodi lonjezo lotere tingalikhulupirire mpaka pati? Mbiri ya kampaniyi ili ndi mbali ziwiri. Mu 2016 inakanadi pamene FBI inkafuna kuti ipange pulogalamu yotsegulira foni ya wachiwembu wa ku San Bernardino, ndipo nthawi imeneyo inali ndi yankho lamphamvu: chida chimenecho kulibe, ndipo kuchipanga kungaike aliyense pachiswe. Koma mu 2017 inachotsa mapulogalamu a VPN mu App Store ya ku China boma litalamula. Mu 2018 inasamutsira iCloud ya anthu a ku China ku kampani ya ku Guizhou yolumikizana ndi boma. Ndipo mu Seputembala 2021, milungu yochepa chabe italonjeza kuti idzakana, Apple ndi Google anachotsa pulogalamu ya gulu la wotsutsa boma Alexei Navalny tsiku loyamba kuvota ku Russia. Sindikunena kuti Apple ndi yoipa kuposa ena. Kampani iliyonse imamvera malamulo a dziko limene ikugulitsako malonda, makamaka ngati ili ndi antchito amene angamangidwe kumeneko. Chitetezo chenicheni n'kutha kunena kuti "sitingathe". Ukangomanga chidacho, umatsala ndi "sitikufuna", ndipo khoti kapena chiopsezo chimatha kusintha kufunako.

Kukula kwa ntchito ya chida chotere si maloto chabe. Njira ya hash inayambira pa nkhanza kwa ana, koma pofika 2017 Facebook, Microsoft, Twitter ndi YouTube anali atakhazikitsa bungwe la GIFCT logawana manambala a zithunzi ndi mavidiyo a zauchifwamba. Cholinga chinali chomveka, koma tanthauzo la wachifwamba limasiyana malinga ndi amene ali pampando.

Palinso vuto la anthu osalakwa, ndipo nkhani imodzi ikusonyeza bwino mmene limaonekera. Mu Febuluwale 2021, nthawi ya Covid, bambo wina wa ku San Francisco anaona kuti mwana wake wamng'ono watupa kumaliseche. Namwino anapempha zithunzi kuti dokotala aone asanalankhule nawo pa vidiyo. Makolowo anajambula ndi foni ya Android n'kutumiza, dokotala anapereka mankhwala, mwana anachira. Koma foniyo inali itatumiza yokha zithunzizo ku Google Photos, ndipo patapita masiku awiri akaunti ya bamboyo inatsekedwa. Anataya maimelo a zaka zoposa khumi, manambala a anzake, zithunzi za mwana wake kuyambira ali wakhanda, ngakhalenso nambala ya foni, popeza layini yake inali ya Google yomweyo. Apolisi anafufuza zonse za m'akauntiyo n'kupeza kuti palibe mlandu. Pamene New York Times inkalemba nkhaniyi mu Ogasiti 2022, Google inali itakanabe kumubwezera akauntiyo. Dziwani kuti apa sipanagwire njira ya hash. Chinagwira ndi pulogalamu yoyesa kuzindikira zithunzi zatsopano zomwe sizili pa mndandanda uliwonse, ndipo imeneyo imalakwitsa kwambiri chifukwa sisiyanitsa kholo lodandaula ndi chigawenga. Ku Ireland, pa malipoti 4,192 amene apolisi analandira kuchokera ku NCMEC mu 2020, okwana 852 okha ndi amene anatsimikizika kuti analidi zithunzi za nkhanza kwa ana, ndipo 471 anapezeka kuti analibe vuto lililonse, monga zithunzi za ana akusewera kunyanja.

Amene amafuna kufufuzaku ali ndi yankho lawo, ndipo si lopepuka. Amati m'malipoti olondola aja muli ana enieni amene anapulumutsidwa m'nyumba zimene ankazunzidwiramo. Amati foni imaunika kale zithunzi zathu kuti izindikire nkhope ndi malo, ndiye chovuta n'chiyani kuti iunikenso za nkhanza? Mu 2022 Ian Levy ndi Crispin Robinson, akuluakulu a zaukazitape ku Britain, analemba kuti mavuto onse amene akatswiri anatchula akhoza kuchepetsedwa. Mu Disembala 2024 mayi wina amene anazunzidwa ali mwana anasumira Apple ku California, m'malo mwa anzake ambiri, chifukwa chosiya njira imene ikanachepetsa kufala kwa zithunzi zawo. Amene akukana kufufuza, ine ndili m'gulu lomweli, ayenera kuvomereza kuti kukanako kuli ndi mtengo wake, ndipo akulipira ndi anthu ngati mayi ameneyu. Koma pa funso la nkhope ndi malo, kusiyana kwake n'koonekeratu: foni ikazindikira nkhope ya agogo anu, imauza inu. Siuza wina. Ndipo Apple yomwe, polembera bungwe la Heat Initiative mu Ogasiti 2023, inafika ponena zimene otsutsa ake ankanena: kuti kufufuza mtundu umodzi wa zinthu kumatsegula njira ya kufufuza anthu onse.

Ku Ulaya nkhaniyi inakula kuposa pamenepo. Pa 11 Meyi 2022 nthambi yoyendetsa European Union, kudzera mwa kamishinala wake Ylva Johansson, inapereka lamulo loyeserera limene otsutsa analipatsa dzina loti Chat Control. Likanalola kulamula makampani kufufuza zithunzi zodziwika kale, zithunzi zatsopano, ngakhalenso mawu olembedwa ofuna kunyengerera ana. Mapulogalamu ngati WhatsApp ndi Signal amakhoma uthenga kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka pa ya wolandira, moti kampani siitha kuwerenga. Njira yokhayo yofufuzira ndi kuunika uthengawo m'foni usanakhomedwe. Andale ena ankati potero loko sakuthyoledwa, zomwe n'zoona pa mawu okha, chifukwa uthenga umene wawerengedwa usanakhomedwe ulibenso chinsinsi. Maloya a maboma a European Union anachenjeza mu 2023 kuti kufufuza aliyense mosasankha kungaphwanye ufulu wa anthu, ndipo nyumba ya malamulo ya bungweli inakana mfundoyo mu Novembala chaka chomwecho. Signal inati ituluka ku Ulaya m'malo momvera. Germany itakana mu Okutobala 2025, voti inalephereka, ndipo mwezi wotsatira maboma anagwirizana zochotsa mfundo yokakamiza n'kusiya kufufuza kukhala kofuna kampani. Zaka zitatu ndi theka zinapita choncho, lamuloli likugwa n'kudzukanso ndi mawu ena.

Britain inapita patsogolo. Lamulo la Online Safety Act la 2023 linapatsa Ofcom, bungwe loyang'anira zamauthenga m'dzikolo, mphamvu yolamula makampani kugwiritsa ntchito luso lofufuzira, ngakhale boma linati mphamvuyo idikira mpaka luso loyenera litapezeka. Kenako kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti boma lalamula Apple mwachinsinsi, pogwiritsa ntchito lamulo la Investigatory Powers Act la 2016, kuti ipereke njira yoonera zinthu zokhoma za mu iCloud. Lamulolo limaletsa ngakhale kunena kuti walamulidwa. Pa 21 Febuluwale 2025 Apple inachotsa ku Britain chitetezo chake chotchedwa Advanced Data Protection. Abale athu okhala ku Manchester kapena ku Leicester sangachiyatse pa iPhone zawo, pamene wa ku Lilongwe angathe. Ngati dziko lokhala ndi makhoti amphamvu ndi nyuzipepala zolusa lingalamule zotere mobisa, lonjezo la mu 2021 lija likanalimba bwanji kwina?

Ndiponso khomo lotsegulira boma silisankha wolowa. Mu 2004 ndi 2005 anthu osadziwika analowa m'makina a Vodafone ku Greece kudzera pa njira imene inakonzedwera apolisi, n'kumamvetsera mafoni oposa 100, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis. Mu 2024 kunadziwika kuti gulu lotchedwa Salt Typhoon, limene America imati ndi la China, linalowa m'makampani a mafoni monga AT&T ndi Verizon mpaka kufika pa makina omvetserera movomerezeka ndi khoti. Zitatero akuluakulu a chitetezo a ku America omwewo analangiza anthu kugwiritsa ntchito mapulogalamu okhoma uthenga.

Sikuti kuunika kulikonse kwa m'foni n'koipa. Apple inasunga mbali ina ya dongosolo lake: foni ya mwana ikalandira chithunzi chamaliseche imachibisa n'kumuchenjeza, osauza kampani kapena apolisi. Poyamba inafuna kuti iziuza makolo a ana osakwana zaka 13, koma inasiya anthu atanena kuti si nyumba zonse zimene kholo lili pothawira. Google nayo ili ndi Android System SafetyCore, yochita zofanana mu Google Messages. Kampaniyo imati zonse zimathera m'foni, ndipo chimene chinakwiyitsa anthu kumayambiriro kwa 2025 n'chakuti inalowa m'mafoni mwakachetechete, osapempha. Malire ndimawaika pamenepa: chida chouza mwini foni chikumutumikira, koma chokanena kwa wina mobisa chikutumikira winayo, ngakhale foniyo munagula ndi ndalama zanu.

Ife kuno sitipanga mafoni. Tecno, Itel ndi Samsung zimene zadzaza m'misika yathu zimayendera Android, ndipo WhatsApp ya ku Mzuzu kapena ku Chipata ndi yomweyo ya ku Berlin. Chida chikangomangidwa chifukwa cha lamulo la ku Brussels, chidzakhala chilipo, ndipo boma lililonse lidzatha kufunsa kuti nanga ife bwanji. Ku Malawi ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza munthu ku chipikisheni ndi kusokonezedwa kwa mauthenga ake, ndipo kuyambira 2024 pali lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Koma tikukumbukiranso mkangano wa zaka zambiri wa makina a MACRA amene anthu anawatcha a ukazitape, tikudziwa kuti simu khadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Pamalo otere, foni yotha kunena yokha kuti mwini wake ali ndi chithunzi chakutichakuti si chinthu chochilandira mosafunsa.

Ana ambiri amazunzidwa ndi anthu amene amawadziwa, ndipo kuwateteza kumafuna apolisi ophunzitsidwa, ogwira ntchito zachitukuko cha ana okwanira, ndi makhoti osachedwetsa milandu. Mukadziwa za mwana amene akuchitidwa nkhanza, imbani 116 kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, ndipo chithunzi choterocho chikakufikani pa gulu musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale mwa cholinga chodzudzula. Za mauthenga anu, lowani mu Settings ya WhatsApp, pitani pa Chats kenako Chat backup, muyatse End-to-end encrypted backup. Pasiwedi yake muisunge bwino, chifukwa mukaiwala foni n'kutayika, ngakhale WhatsApp yomwe singakubwezereni mauthengawo.